Ulusi Umene Ndinapotera Codrin

1

Amene munali ndi intaneti chaka chatha mwina munandiona kale. Ndine mtsikana wa diresi lofiira uja, amene anakwera pa nsanja m'chinyumba cha masitolo ku Bucharest n'kuchita zimene anachitazo. Kanemayo munaonera, munaseka, munatumizirana. Ena munalemba kuti ndine wamisala, ena munati ndine ngwazi. Nonsenu simundidziwa. Ine ndine Casiana, kwathu ndi ku Rădăuți, kumpoto, ndipo lero ndiyankhula ndekha popanda wondilembera mawu.

Ndinamaliza sekondale mutu uli wodzaza ndi ndakatulo. Ku yunivesite sananditenge. Anati ndikayesenso chaka chinacho, ngati kuti chaka ndi basi yoti ukaiphonya ina ili m'mbuyo. Amayi atatopa kundiona ndili ndwii pawindo, anandikweza sitima.

"Pita kwa mkulu wako. Mwina mphepo ya mumzinda ikuchotsa utsi uli m'mutumo."

Mkulu wangayo ndi Letiția, koma timangoti Leti. Ankakhala m'kanyumba ka pamwamba m'midadada ya ku Drumul Taberei, ndipo ankagwira ntchito pa kampani ina yokometsa mbiri za makampani anzake. Fakitale ikathira zonyansa mumtsinje, iwo ankalemba kuti nsomba zanenepa. Ine anandipezera malo pa kawindo kogulitsira covrigi. Tsiku lonse ndinkapereka buledi wopota wamchereyo kwa anthu othamanga osadziwa kunena zikomo, mtima wanga uli kwina.

Ndinkadikira chikondi. Osati cha anyamata a m'basi olavula makoko a mpendadzuwa, ayi. Chenicheni, chogwetsa munthu pansi. Ndipo ndinkachifuna msanga.

2

Tsiku lina Leti anaiwala chingwe cha laputopu yake, ndipo anandiimbira kuti ndimuperekere ku ofesi. Ndinapeza anthu akuluakulu, ena a ana awo, atakhala pa mapilo pansi ngati a ku nasale. Kutsogolo kunaima bwana wawo, Tiberiu, bambo wa mimba yake, atavala jekete pamwamba pa sikipa, ndi nsapato zofiira ngati za mwana wopita kukabatizidwa.

"Manyuzipepala afa, anzanga!" ankakuwa motero. "Afa, angotsala kuikidwa m'manda. Munthu wa lero safuna kuuzidwa ndi chikwangwani. Amafuna kumva kwa mnzake."

"Nanga ngati alibe mnzake?" anafunsa wina wa pa pilo.

"Timupangira!"

Onse anaseka, kuseka kwa anthu odziwa amene amasaina malipiro awo. Tiberiu atandiona anatambasula manja.

"Leti, mng'ono wako ameneyu? Wa kumapiri? Taonani masayawo, ngati maapozi! Iwe kamtsikana, uli ndi bulogu?"

"Ndilibe, abwana."

"Ndiye kuti padziko pano palibepo iweyo."

Iye bulogu anali nayo, tsamba lakelake la pa intaneti. Tsiku ndi tsiku ankalembapo za kufunika koyankhula zoona ndi anthu. Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi, n'kudzifunsa kuti mkulu wanga, amene kusukulu ankapambana mipikisano ya zolemba, wafika bwanji pogwedezera mutu chinthu chotere.

Komabe mawu ake anandiluma. Pobwerera ndinalowa m'kachipinda ka intaneti kamene kanali pansi pa mdadada wathu, konunkha fodya ndi masokosi a anyamata osewera masewera owomberana. Ndinkafuna ndione bulogu n'chiyani. Ndinayamba ndi tsamba lina la ndakatulo, ndipo pansi pake mtsikana wina wodzitcha Luna anali atalemba kuti: "Amene muli ndi mtima, kamvereni Codrin."

Mtima ndinali nawo, wochita kusefukira. Ndinadina.

3

Inali podikasiti, mawu ojambulidwa amene umamvera ngati wayilesi koma pa nthawi yako. Ndinavala mahedifoni amafuta a eni akewo.

"Moni kwa nonse amene muli kutali ndi kwanu. Ndine Codrin. Ndili m'sitima yopita kumpoto, kunja chipale chofewa chikugwa, ndipo m'thumba mwanga muli kachokoleti ka Zorele kamodzi. Theka ndadya. Theka linalo ndikusungira munthu amene sindinakumane naye."

Mawu ake anali akuya, odekha, ngati munthu akukufunditsa bulangete. Ine, chitsiru cha Mulungu, ndinalirira pa kompyuta ya eni.

Pa bulogu yake panalibe nkhope, koma chithunzi cha msana wa mnyamata ataima pa siteshoni. Ankati ndi wa kumudzi wina kufupi ndi Sucevița, kwathu kwenikweni. Ankasimba za fungo la nkhuni zonyowa, za mabelu a m'mawa, za msuzi wa nkhuku wa kwathu, wa adyo wambiri ndi viniga. "Kuno ku Bucharest amathiramo mandimu," anatero tsiku lina, "Mulungu awakhululukire." Ndinaseka mpaka anyamata owomberana aja anatembenuka. Chokoleticho chinkabwera m'nkhani iliyonse, koma ine ndinkangoti munthu aliyense ali ndi kake.

Ndinadzitcha Ghiocel, dzina la kaduwa koyera kamene kamaboola chipale chisanu chikamatha, n'kulemba ndemanga. Mawa lake anayankha. Posakhalitsa tinachoka pagulu n'kumalemberana awiri pa Mesenja.

"Ghiocel, umalemba ngati munthu amene wakhala chete nthawi yaitali."

"Panalibe womvera."

"Ndilipo tsopano."

Ndikangoweruka pa kawindo ndinkathamangira kukachipinda kaja, mchere udakali m'zikhadabo. Ndinamuuza zimene sindinauzepo munthu: za bambo anga amene anapita kukagwira ntchito ku Italy n'kuiwala njira yobwerera, za manyazi olephera yunivesite, za mantha anga oti ndidzakalamba ndisanapsompsonedwe. Ankayankha masana okha, Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka ndi Lamlungu kunali zii. Ndinadziuza kuti amakwera mapiri, kumene kulibe intaneti. Munthu wachikondi safuna womunamiza. Amadzinamiza yekha mwaulere.

Minga inali imodzi: Luna. Pansi pa nkhani iliyonse ankalemba, "Codrin wanga, lero ndadya Zorele zitatu chifukwa cha iwe!" Ndinkamuda mtsikana ameneyo kuposa satana. Ndinkamuona m'maganizo, wamtali, wa tsitsi lagolide, wa mano oola.

"Luna ndi ndani kwa iwe?" ndinamufunsa Codrin.

"Phokoso chabe. Iwe ndiwe nyimbo."

Ndinayenda osaponda pansi mpaka kunyumba.

4

Mu Januwale chinsinsi chinandikulira m'kamwa. Leti anali pa chitofu akutakasa msuzi.

"Asisi, ndili ndi chibwenzi."

"Mulungu wamva mapemphero a amayi. Ndani? Dalaivala wa basi?"

"Dzina lake Codrin. Tinakumana pa intaneti."

Supuni inagwera mumphika. Anaivuula ndi zala, osamva n'kutentha komwe.

"Kumeneko umalemba dzina lanji?"

"Ghiocel."

Anatembenukira kuwindo n'kuyatsa ndudu, chinthu chimene sankachita m'khitchini.

"Nkhope yake unaiona?"

"Nkhope n'chiyani, asisi? Ndinamva mtima wake. Inu simungamvetse. Mumakhala ndi anthu okhala pa mapilo."

"Casi, tamvera. Anthu a pa intanetiwa..."

Foni yake inalira. Anali Tiberiu. Anakayankhira kubafa, chitseko chotseka, ndipo anakhalitsako. Atatuluka ndinamukumbutsa.

"Mumati anthu a pa intaneti atani?"

"Palibe. Idya, msuzi ukuzizira."

Kuchokera pamenepo chikondi chathu chinakwera moto. Codrin anayamba kundidziwa ngati anandilenga ndi iye. "Ndikukuona ngati munthu wogona ndi masokosi," analemba, "wotafuna nsonga ya tsitsi powerenga." Ndinatulutsa tsitsi m'kamwa n'kuyang'ana uku ndi uku. Tsiku limene ndinachoka m'nyumba osadya, iye analemba kuti, "Mtima ukundiuza kuti lero sunadye. Kadye, chifukwa cha ine." Kodi munthu angafunenso chizindikiro china chotani?

Mu Febuluwale Leti anagwidwa ndi chimfine choopsa, n'kugona sabata yathunthu. Ndinkamuphikira tiyi wa uchi, koma mtima wanga unali pa vuto lina, pakuti sabata yomweyo Codrin anasanduka munthu wina. Ndinamulembera tsamba lonse la zakukhosi, iye n'kuyankha kuti: "Eee bebi!!! Wadya Zorele lero???" Ndinabwera kunyumba maso ali psuu.

"Akuti bwanji Codrin wako?" anafunsa Leti ali m'bulangete, mawu osasa.

Ndinamuuza. Anadziphimba nkhope ndi pilo.

"Mbuzi zimenezi," anatero.

Ndinaganiza kuti akunena amuna onse, ndipo ndinavomereza. Lolemba lotsatira Codrin anapepesa ndi mawu okoma kwambiri moti ndinachita manyazi kuti ndinamukayikira. Anati anali ndi malungo a mumtima.

5

Malichi akamayandikira, misewu ya Bucharest imadzaza ndi matebulo ogulitsira mărțișor, mphatso yolandirira nyengo ya maluwa. Amuna a mumzindawu amagula timaulusi tofiira ndi toyera m'mapaketi, tokhala ndi timalata ta maluwa, n'kumagawira mkazi aliyense wa mu ofesi ngati akugawa mapanado. Kwathu si choncho. Kwathu pa 1 Malichi mtsikana ndi amene amapota ulusi ndi manja ake n'kumumanga mnyamata pamkono. Akauvala mpaka mitengo itachita maluwa, n'kukaumangirira pa nthambi, ndiye kuti waulandira ndi mtima wonse. Anthu a ku Bucharest ukawauza zimenezi amakuseka, amati kumapiri zinthu zonse zimayenda chafutambuyo.

Ndiye tangoganizani mmene ndinamvera Codrin atanena m'podikasiti kuti: "Kwathu ulusi sitigula, ndipo mnyamata sapereka. Amadikira. Amatambasula mkono n'kudikira mtsikana wolimba mtima. Chaka chino mkono wanga uli pamtunda."

Ngati munali kachikaiko kotsala mwa ine, kanafera pomwepo. Zimenezi munthu sangaziwerenge m'buku. Ayenera kukhala wobadwira kwathu, woti anaonapo atsikana akupota ulusi pa chitseko. Ndinali ndi umboni tsopano kuti Codrin ndi weniweni.

Masana omwewo analemba: "Pa 1 Malichi, dzuwa lili pamutu, pa kasupe wa m'chinyumba cha masitolo chatsopano chija. Bwera ndi ulusi, Ghiocel. Ndidzakudziwa."

Ndinagula ulusi wa silika. Chogwirira cha chitseko chathu, pomwe ndikanakola nsonga ina, chinali chogwedera, choncho ndinaitana Leti.

"Asisi, tagwirani nsonga iyi."

Anagwira. Ine ndinkapota, wofiira ndi woyera ukukumbatirana, ndipo manja ake ankanjenjemera mpaka ulusi unkavina.

"Gwirani zolimba, inu! Mwaiwala zakwanu?"

"Sindinaiwale." Anayesa kukunga ulusi. "Casi, utapanda kupita bwanji?"

"Ndingafe."

"Bwanji akakhala kuti si mmene ukumuganizira?"

"Akhale wachidazi, akhale wotsimphina. Amene analemba mawu aja ndi amene ndikumufuna. Ulusi uwu ndi wake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona ngati akufuna kulira, ndipo ndinamumvera chisoni, poganiza kuti ndi nsanje ya mkazi amene palibe anamulemberapo ndakatulo. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ndiye udzavale diresi lofiira lija. Limaoneka bwino pa..."

"Pa chiyani?"

"Pa iwe."

Analisita yekha. M'mawa wa tsikulo ndinadzuka iye atapita kale. Anali atanena kuti ali ndi ntchito ya kasitomala wamkulu.

6

Ndinafika msanga, ulusi uli m'chikhatho chotuluka thukuta. Ndinkayembekeza kasupe, benchi, ndi mnyamata mmodzi.

Ndinapeza nsanja. Ndinapeza zimkuzamawu, makamera a wayilesi ya kanema, ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa msana uja wa pa siteshoni, pambali pake chokoleti chotalika ngati chitseko. Kutsogolo kunali mzere wa olemba mabulogu, anyamata a ndevu zosapesa, malaputopu pamiyendo, masaya otupa ndi chakudya chaulere. Ndipo ponseponse panali atsikana. Atsikana a ulusi m'manja, aliyense akuyang'ana mnzake ngati wakuba.

Ndinadziuza kuti mwina Codrin watchuka, kampani yamupeza, iye alibe mlandu. Kenako ndinakweza maso n'kuwerenga mawu a pa chinsalucho, m'zilembo zazikulu ngati ana a sukulu:

"Ndikuopa kukalamba ndisanapsompsonedwe. — Ghiocel."

Mawu amenewo ndinalembera munthu mmodzi, ndikulira, m'kachipinda konunkha masokosi.

Pa nsanja panakwera nsapato zofiira. Tiberiu.

"Abale ndi alongo, lero mbiri ikulembedwa! Chikondi choyamba m'dziko muno chobadwira pa bulogu! Ghiocel, tikudziwa uli pano. Diresi lofiira, uko! M'bweretseni!"

Sindinadzifunse kuti wadziwa bwanji za diresi. Atsikana awiri ovala malaya a Zorele anandigwira m'mikono, anthu akuwomba m'manja, ndipo ndinapezeka ndili pamwamba, magetsi akundithobwa m'maso. Nyimbo inalira. Kuseri kwa chinsalu kunatuluka mwamuna.

Anali wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, nkhope yopakidwa paudala, tsitsi lodayidwa. Koma atagwira maikolofoni n'kunena kuti, "Moni, Ghiocel. Ndakusungira theka," anali mawu omwe aja. Mtima wanga wopusawo unadumpha. Ndinati basi, zinazi tikambirana, ndi yemweyu. Anatambasula mkono. Ndinamuyandikira n'kunong'ona.

"Codrin, bwanji wapereka mawu anga kwa anthuwa? Ndinakuuza iwe wekha. Ngati za bambo anga zija."

Anatsitsa maikolofoni, kumwetulira kuli pomwepo chifukwa cha makamera, n'kuyankhula ndi pakona pa mlomo. Mpweya wake unkanunkha fodya ndi soseji.

"Mwana iwe, manga msanga, ndili ndi sewero la ana masana ano. Ine ndine Horațiu. Bambo ako sindiwadziwa. Ndimangowerenga zimene andipatsa."

"Akupatsa ndani?"

"Wolemba. Wakwanu konko, amene anabweretsa nzeru ya ulusiyi. Uyo."

Analoza ndi chibwano.

Kuseri kwa chimkuzamawu, atavala mahedifoni, ataima ngati mtengo wouma, kunali Leti.

Zonse zinagwera m'malo mwake nthawi imodzi, ngati mbale zikugwa pa shelefu. Msuzi wa viniga. Masokosi. Supuni mumphika. Chimfine. Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene ofesi imatseka. Ndinkati ulusi ndi umboni woti Codrin ndi wakwathu, ndipo sindinalakwe. Anali wakwathu zedi. Tinayamwa bere limodzi.

"Manga! Manga! Manga!" anthu ankaimba, Tiberiu akuwatsogolera ndi manja.

Ndinalanda maikolofoni m'manja mwa Horațiu. Ndinatsika pa nsanja, makamera akunditsata ngati agalu, n'kukaima pamaso pa mkulu wanga.

"Casi, chonde," ananong'ona. "Osati pano."

"Kwathu," ndinatero, mawu anga akumveka chinyumba chonse, "mtsikana amamanga ulusi munthu amene wamukonda. Ine ndinakonda amene ankandilembera. Bambo ali pa nsanjawo ndi waganyu. Codrin ndi uyu. Ndi mkulu wanga, amagwira ntchito kwa a nsapato zofiirawo. Bweretsa mkono, Codrin."

Sanathawe. Anautambasula yekha. Ndinamanga mfundo yolimba, ndinabwerezanso, ndinakoka mpaka khungu linayera. M'chinyumba monse munangoti zii, kupatula phokoso la zala za olemba mabulogu, amene anali atasiya kutafuna n'kuyamba kulemba.

7

Leti anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, atanyamula katoni ya katundu wa mu ofesi. Anandipeza ndikulongedza.

"Wandichotsetsa ntchito. Wakondwa?"

"Unadziwa liti?" Ulemu wa "asisi" unali utatsalira pa nsanja paja.

"Tsiku la supuni lija. Poyamba sindinkadziwa, ndikulumbira. Ndinamuuza Tiberiu kuti tisiye. Iye anati, mng'ono wako? Ndiye bwino kwambiri, ukudziwa pomukanda. Anandilonjeza udindo."

"Ndipo unakanda."

"Unkadya, Casi! Unkaimba m'bafa! Chibwerere kuno unali ngati maliro oyenda. Ndinkati zikatha ndimuchotsa Codrin bwinobwino, ndimutumiza ku Canada, ulire sabata imodzi, uiwale."

"Ndipo diresi unasita chifukwa chondikonda."

Anatula katoni ija pansi. Ndinafunsanso.

"Zonse zinali zabodza?"

"Chokoleti chinali chawo. Zinazo..." Anayang'ana ulusi pamkono pake. "Nanenso bambo anandisiya, ukudziwa. Nanenso ndimausowa msuzi wa amayi. Unkaganiza ndinkazitenga kuti?"

Ndinatsala pang'ono kufewa. Ndiye ndinafunsa funso lomaliza.

"Nanga Luna?"

Anagwetsa nkhope. "Tiberiu."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pa sutikesi. Miyezi yonse ija ndinkachitira nsanje bambo wa dazi ndi mimba.

Amayi anaimba foni mawa lake, atationera pa nkhani za pa kanema pamodzi ndi Rădăuți yense.

"Mwandivula, ana inu! Ndi abambo wansembe omwe aonera! Iwe Casiana, zam'nyumba amayanika pa nsanja? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Anayamba kuyanika ndi iwowo, amayi. Ine ndangoanula."

Anandidulira foni, ndipo mpaka Pasaka sanandiyankhule.

Tiberiu? Musamudandaulire. Analemba pa bulogu yake nkhani yaitali yoti wantchito wina wachangu chopitirira anachita zinthu iye osadziwa, ndipo kuti waphunzirapo kufunika kwa chilungamo. Olemba mabulogu omwe anamutukwana Lachinayi anamuyamikira Lolemba chifukwa cha kudzichepetsa. Lero amaitanidwa m'misonkhano kukaphunzitsa ena. Chokoleticho chinatha m'masitolo sabata yomweyo. Ndimamva kuti n'chokoma. Ine chimandinunkhira soseji.

Ndinasamukira kwa mnzanga wa pa kawindo ka covrigi. Mu Epulo ndinabwerera ku Drumul Taberei kukatenga mabuku amene ndinasiya, nthawi imene ndinkadziwa kuti Leti wapita kokasaka ntchito. Pakhomo pa mdadada pali mtengo wa mapulamu, ndipo unali utachita maluwa oyera mbuu. Pa nthambi ya m'munsi panali ulusi wanga. Ndinaudziwa kapotedwe kake, kolimba mbali yanga, kolobodoka mbali imene manja ankanjenjemera. Sunali wodulidwa ndi sizasi. Munthu anakhala pansi n'kumasula mfundo zanga zija ndi zikhadabo, atauvala mwezi wonse.

Ndinaima pamenepo kanthawi. Kenako ndinakwera, ndinatenga mabuku anga, ndinasiya kiyi pa tebulo.

Tsono inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mumakhala ndi mahedifoni m'makutu mtima uli dyokodyoko: sindikuuzani kuti musakonde, chifukwa simungamve, monga ine sindikanamva. Akubwera ambiri a Tiberiu, ndipo aphunzira kuti chikwangwani chimagulitsa pang'ono koma kusungulumwa kwanu kumagulitsa zambiri. Sadzabweranso ndi ng'oma. Adzabwera ndi mawu a kwanu, ndi fungo la msuzi wa amayi anu, ndipo wowauza pokukandani adzakhala munthu wodziwa kuti mumagona ndi masokosi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wina akakuuzani kuti ndinu nyimbo, mulembereni Loweruka muone ngati ayankha.

Ena mumandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita. Ayi. Atandibwezera pa nsanja paja ndingamangenso, mwina n'kuwonjezera mfundo. Chimene chimandinyansa ndi china, ndipo ndi chimene ndalembera zonsezi. Masiku ena, ndikaweruka mchere uli m'zikhadabo, ndimamusowa Codrin. Palibe munthu anandimvetsapo ngati iye. Ndipo nambala yake ndili nayo. Ili m'foni mwangamu, pa dzina loti Asisi.

Sindinaimbebe.